Kaikidwe ka katundu m'nyumba si nkhani ya olemera okha

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za kaikidwe ka katundu m'nyumba, nkhani imene ife Amalawi okhala kuno ku Johannesburg timaiona ngati ya anthu olemera. Mnzanga wina wogwira ntchito m'sitolo ku Cyrildene, kumene kuli Matchaina ambiri, anandifotokozera za feng shui, nzeru yakale ya ku China ya kamangidwe ka nyumba ndi kaikidwe ka katundu, imene dzina lake limatanthauza mphepo ndi madzi. Zoti galasi loyang'ana bedi limabweretsa tsoka sindizikhulupirira, koma langizo loti bedi lisayang'anizane ndi chitseko ndinaliyesa. M'chipinda changa cha lendi ku Yeoville, chisanu cha mu Juni chinkalowera pansi pa chitseko n'kumandiwomba kumapazi usiku wonse, ndipo nditakankhira bedi kukhoma lina ndinayamba kupeza tulo.

Komabe tisamangotengera zonse. Ku China nyumba zimayang'ana kummwera chifukwa dzuwa limawalira mbali imeneyo, pomwe kuno m'nyengo yozizira limalowera pazenera la kumpoto. Ambirife zenera limenelo timalitchinga ndi wadirobu komanso zikwama za katundu wodikira kupita kumudzi, kenaka n'kumadandaula kuti hita ikutidyera magetsi.

Ine wowerenga wanu,
Yeoville, Johannesburg