Kalata yochokera ku Joni

Okondedwa Bambo ndi Mayi,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Ndirandeko. Ine kuno ndili bwino, ntchito ya kugalaja ikuyenda, kungoti chisanu cha June chafika povuta.

Bambo, Loweruka lapitali ndinakaponda pa FNB Stadium, bwalo lija tinkalionera pa kanema wa aneba mu 2010. Lili ku Nasrec, pafupi ndi Soweto. Kunalibe mpira tsikulo, tinangolipira kuti atizungulitse. Kunja kwake analiumba ngati chipanda cha mowa, ndipo mkatimo anthu oposa 90,000 amakwanamo, aliyense pampando wake. Mtima unathamangira ku Biafra pa Kamuzu Stadium, tili pa simenti yotentha ija, inu mutandigulira chimanga chootcha, Maule akulimbana ndi Manoma.

Ndinaona golo limene Tshabalala anagoletserapo polimbana ndi Mexico tsiku lotsegulira World Cup, pomwe munadumpha mpaka kugubuduza mpando wa eniake. Spain inatengera chikho pomwepa, Iniesta atachinya Netherlands. Mandela naye analankhula pabwaloli mu February 1990 atangotuluka kundende, ndipo mwambo womulira mu 2013 unachitikiranso pano. Nditanena kuti ndine Mmalawi, bambo wina wa Kaizer Chiefs anandigwira chanza n'kutchula Patrick Mabedi, kaputeni wawo wakale. Ndinayenda monyada.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi njira yotulukira osewera. Anaimanga yotsetsereka ngati yolowera mumgodi, pokumbukira anthu amene ankakumba golide mumzinda uno. Ukaima panja, milu ya mchenga wachikasu wa m'migodi ikuonekera chapafupi. Ndinakumbuka agogo, mmene ankatisimbira za ulendo wawo wonyamukira pa Wenela, ndi chifuwa chija anabwera nacho mpaka kuwatenga. Mwina mchenga wina pamiluyo anaufukula ndi manja awo. Anzanga anapitirira akujambulana, ine ndinatsalira m'njiramo, misozi ili lengelenge. Mayi, munditumizire chithunzi chawo chija atavala chipewa cha kumgodi.

Ndatumiza kangachepe pa Mukuru. Ina mugulire feteleza mitengo isanakwere, yotsalayo ndi yoti Bambo ayambe za pasipoti. Musakane, Bambo. Ndikufuna tidzatsike njira imeneyi limodzi, kenako tidzaonere Chiefs ndi Pirates.

Moni kwa achemwali ndi ana onse.

Ine mwana wanu.