Mchere wa m'mjigo ndinakaudziwira ku Glasgow

Chikwawa,
Okutobala 2024

Mnzanga wapamtima,

Ndikulemba nditakhala pakhonde, mapazi ali m'beseni la madzi. Ukuidziwa Chikwawa ya mwezi uno. Nkhuku zangoti kukamwa yasa pansi pa mtengo, ndipo tulo timabwera cha m'ma 2 koloko usiku, malata akayamba kuzizira. Kwanuko ku Cape Town ndikhulupirira kuti chimphepo chija unkadandaula nacho chaka chatha chayambanso.

Uthenga wako ndinaumvetsera katatu. Unkaseka, koma ndikudziwa kuti funso lija linachokera pansi pa mtima: "Kodi chaka chonse chija ku Scotland unabwerako ndi chiyani, kupatula jekete ndi pepala?" Ndikanatha kungoti ndinapindula kwambiri, ngati mmene ndimayankhira azimayi akutchalitchi. Koma iwe ukuganiza zosiya ntchito kuti nawenso ukayese, ndiye sindingakupatse yankho lapamsewu. Leza mtima, kalatayi italika.

Ndiyambe ndi zamanyazi. Ndinafika ku Glasgow mu Seputembala 2021 ndikudzimva. Zaka zisanu ndi chimodzi ndili pa ntchito ya madzi kuno kuchigwa, mijigo imene ndinayang'anira pokumba yosawerengeka. Ntchito yoyamba yolemba ndinaikhalira milungu itatu, ndikuunjika zonse zimene mabuku amanena za madzi apansi panthaka, Chingerezi chake chosalala bwino. Inabwera ndi 48, pomwe kukhoza kumayambira pa 50. M'munsi mwake aphunzitsi analemba mawu ochepa chabe, akuti ndawauza zimene anthu khumi amaganiza, nanga ineyo ndikuti bwanji? Ndinakalirira m'chimbudzi cha ku laibulale, ine mayi wa mwana. Nambalayo ndikanaipirira. Chinandibaya n'chakuti yankho la funso lawolo ndinalibe. Kuyambira ku pulayimale, iwe ndi ine tinkakhoza chifukwa chobweza kwa aphunzitsi zimene anatipatsa, osatayapo ndi kadontho komwe. Pa nkhani ya ntchito panalibe anandifunsapo maganizo anga, ndipo nanenso ndinali ndisanadzifunsepo.

Aphunzitsi omwewo, bambo a imvi mbuu, ankafuna tiziwatchula dzina lawo loyamba. Lilime langa linakana mpaka Khirisimasi. Tsiku lina ndikuwapatsa pepala, dzanja lamanzere linapita lokha kukagwira mkono wamanja, bondo nalo n'kupindika pang'ono. Anandiyang'ana modabwa n'kufunsa ngati ndavulala. Ulemu umenewu sindinautaye ndipo sindikufuna kuutaya. Chimene ndinasiya ndi mantha amene ndinkawabisa m'kati mwa ulemuwo. M'kalasi ndinkaona mtsikana wa zaka 23 akuuza pulofesa kuti sakugwirizana naye, pulofesayo n'kukoka mpando kukhala pansi kuti amve bwino. Ine poyamba ndinkati ana awa ndi osaleredwa. Patapita miyezi iwiri ndinakweza dzanja koyamba, mtima uli phaphapha, n'kunena kuti zimene ankaphunzitsa zokhudza makomiti a pamjigo sizimayenda choncho kwathu, ndalama zokonzera pampu zimathera kumaliro ndi ngongole za mlembi. Kalasi yonse inatembenuka. Tinakambirana zimenezo mpaka nthawi inatha.

Za kuzizira sindikuuza zambiri, aliyense wobwera kumeneko amakamba zomwezo. Chimene sanandichenjeze ndi mdima. Mu Disembala dzuwa limatuluka 9 koloko ili pafupi, isanakwane 4 koloko lalowa kale, ndipo pakati pakepo ndi mitambo ndi kamvula kosatha. Ndinkadzuka osafuna kuona munthu. Ndinadzipulumutsa ndi mthiko umene amayi anandilongedzera m'sutikesi ine ndikukana. Ufa ndinkagula kusitolo ya zakudya za ku Africa, mtengo wake osaufunsa, koma Lamlungu lililonse nsima inkaphikidwa. Tsiku loyamba kukazinga usipa, utsi unaliza alamu ya moto ndipo nyumba yonse yosanja, anthu oposa zana, inatulukira panja m'mvula, ena atafunda matawulo. Ndinaima pakati pawo ndikununkha usipa, ndikuyang'ana kumwamba ngati sindikudziwa kanthu.

Mu Novembala mzinda unadzaza ndi alendo a msonkhano wa zanyengo wa COP26. Ndinayenda nawo pa chionetsero m'misewu, nditanyamula chikwangwani, ndikumva kukoma kuti dziko lonse likukamba za mavuto athu. Kenako mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagwa kuno. Damu la ku Kapichira linaonongeka, magetsi anazima, mafoni osagwira. Amayi ndi mwana wanga anali ku Nchalo. Masiku awiri ndinakhala pabedi ndi foni m'manja, ndikuonera mavidiyo a madzi atadzaza m'midzi imene ndimaidziwa mayina ake ndi mijigo yake. Atandiimbira tsiku lachitatu kuti ali moyo, ndinayamba kufufuza mtengo wa tikiti yobwerera. Amayi anandikalipira ngati kamwana, amvekere walira mvula walira matope, maliza chimene unapitira. Ukamawerengera mtengo wa sukulu yakunja, uwerengerenso zimenezi. Tsoka likagwa kwanu umakhala ulibe manja.

Tsopano ndifike pa chenicheni.

Kafukufuku wanga womaliza anali wa mijigo ya madzi amchere kuchigwa kuno. Umakumbukira tili ana tinkati madzi a pamjigo wakuti ndi owawa, sopo sachita thovu, nyemba sizipsa. Chifukwa chake n'chakuti chigwachi n'chathyathyathya, madzi apansi amayenda pang'onopang'ono kwambiri m'dothi lamakande, dzuwa limauma nawo n'kusiya mchere, ndipo penanso mcherewo umachokera m'miyala yakale ya pansi. Kufupi ndi mitsinje, pomwe pali mchenga ndipo madzi atsopano amalowa chaka ndi chaka, amakhala okoma. Ndiye ukhoza kukumba pano n'kupeza madzi abwino, kusuntha mamita mazana awiri n'kupeza oti ngakhale mbuzi ikana. Mjigo umodzi ndi mamiliyoni a makwacha. Ine ndemwe ndinasainirapo mijigo imene lero amangochapirapo makasu.

Ndinapita kwa ondiyang'anira ndi mapu ochepa ndi manambala a mu ofesi, ndikudandaula kuti kwathu kulibe zolembedwa zokwanira. Anandifunsa kuti, kodi m'deralo ndani amadziwa mjigo uliwonse? Ndinatsala pang'ono kunena kuti ndine. Kenako ndinakumbukira bambo ena achikulire, mekaniki wa mijigo, oyenda pa njinga yakapalasa atamangirira sipanala ndi marabala m'jumbo. Zaka zonse zija ankabwera ku ofesi kwanga kudzapempha zipangizo, ine n'kumawasiya pabenchi panja mpaka masana. Sukulu analekezera Sitandade 6. Ndinawaimbira kuchokera ku Glasgow kudzera pa foni ya mdzukulu wawo. Mnzanga, tinayankhula maola atatu pa masiku awiri. Ananditchulira mijigo yoposa 60 pamtima: uwu umawawa chaka chonse, uwu umayamba kuwawa mu Seputembala madzi akatsika, uwu marodi ake amadyeka ndi dzimbiri msanga, apa pankadutsa mtsinje kale agogo awo ali moyo, n'chifukwa chake madzi ake ndi okoma. Nditaika zonsezo pa mapu n'kufanizira ndi zoyeza za kachipangizo kathu koyezera mchere, pafupifupi zonse zinagwirizana. Mutu wabwino kwambiri m'kafukufuku wanga unachokera m'mutu mwa bambo amene ndinkawasiya pabenchi.

Ndinachita kukwera ndege ziwiri kuti ndikamve zimene zinali pakhomo pa ofesi yanga. Ndipo si zokhazo. Kumeneko n'kumene ndinawerenga kuti pampu ya Afridev, yomwe ili pa mijigo yambiri m'midzi yathu ndi m'maiko ambiri a mu Africa, inayambira kwathu konkuno kumayambiriro a zaka za m'ma 1980, ikutchedwa Maldev. Ine ndinkaiona ngati chinthu chobwera ndi azungu.

Anzanga a m'kalasi anandiphunzitsa zosachepera za aphunzitsi. Mnyamata wina wa ku Bangladesh anatifotokozera mmene kwawo anakumbira zitsime zamipope mamiliyoni kuti athawe matenda otsegula m'mimba, kenako m'zaka za m'ma 1990 n'kuzindikira kuti madzi ambiri ali ndi poizoni wa arsenic, wosaoneka, wosanunkha, wosamveka pakamwa. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kukhulupirira madzi chifukwa choti akuoneka oyera. Tinapitanso ku Loch Katrine, nyanja ya m'mapiri imene yakhala ikumwetsa Glasgow kuyambira 1859, pamene Mfumukazi Victoria anatsegulira ngalande yake. Madzi amayenda okha makilomita oposa 40 popanda injini. Asanaimange, anthu ankamwa a mumtsinje wa Clyde ndipo kolera inkawapha zikwizikwi. Ndinaima pamenepo ndikuganiza za mipope ya ku Mulanje yotsika yokha kuchokera m'phiri, n'kuona kuti anthuwa anali ngati ife, anangomanga chinthu n'kuchisamala zaka 160. Kusamalako ndiye nkhani.

Ku Blantyre wawo ndinafikako, pomwe anabadwira David Livingstone mu 1813. Ndi katawuni kakang'ono, banja lonse linkagona m'chipinda chimodzi pafupi ndi fakitale ya thonje. Ndinaseka ndekha poganiza kuti mwana anakula kuposa mwini dzina.

Kubwerera ndiye kunandivuta kuposa kupita. Maphunziro a Chevening, thandizo la boma la Britain limene linandilipirira sukulu, amafuna kuti ubwerere kwanu zaka ziwiri, ndipo ine ndinabwera ndi mtima wonse, ndikuganiza kuti andilandira ndi nthungululu. Ndinapeza tebulo lomwelo, malipiro omwewo, njinga yamoto yomweyo yopanda mafuta. Ndikati ndipereke ganizo, wina ankanong'ona kuti azungu ayamba. Achibale ankaganiza kuti ndabwera ndi mapaundi m'chikwama. Mwana wanga sabata yoyamba ankabisala kumbuyo kwa agogo ake, ndipo usiku wina anandiitana kuti anti. Zimenezo zinandipweteka kuposa 48 uja.

Nthawi yodzimvera chisoni inalibeko, chifukwa ndinafikira mu kolera ija inayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, yoopsa kuposa ina iliyonse imene dziko lathu linaonapo. Tinkagawa kolorini m'midzi, ndipo malipoti ankangonena kuchuluka kwa mabanja amene alandira. Ine wakale ndikanasaina n'kupita kunyumba. Ndinatenga kachipangizo koyezera n'kuyenda m'makomo 40, ndikutunga m'ndowa zimene anthu akumwera. M'ndowa zambiri munalibe kolorini ndi pang'ono pomwe, pamene pa nthawi ya mliri pamafunika pafupifupi theka la miligalamu pa lita. Ena ankaopa fungo, ena ankasunga mankhwalawo kuti adzachapire. Pa msonkhano wotsatira akuluakulu atanena kuti ntchito ikuyenda bwino, ndinapempha mwaulemu kuti ndionetse pepala langa. Mawu ankanjenjemera, koma ndinamaliza. M'chipindamo munati zii. Bwana wina sanandiyankhule sabata yathunthu. Koma tinasintha, tinayamba kuthira kolorini pamjigo pomwepo, munthu wa komiti ataima ndi botolo, m'malo mongogawa n'kuchoka. Namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023 n'kumiza mijigo ina yambiri, njira imeneyi tinali titaizolowera kale.

Bambo amekaniki aja masiku ano salinda pabenchi. Tisanasankhe malo okumba, ndimapita nawo limodzi, iwo kutsogolo ine pambuyo ndi kachipangizo kanga, ndipo timayamba tafunsa azimayi, poti otunga ndiwo amadziwa kukoma kwa madzi mwezi ndi mwezi. Mwa mijigo 9 imene takumba chaka chino, umodzi wokha ndiwo watuluka wamchere, ndipo umenewo ndinakakamira ndine iwo atakana. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, sukulu ija simunamalize." Tinaseka mpaka misozi.

Za udindo, anandikweza chaka chino, patatha miyezi 18. Ndalama yake inadyedwa kale ndi kugwa kwa kwacha kwa mu Novembala 2023, pomwe inatsika ndi 44 peresenti. Marabala a pampu amene komiti inkagula ndi zopereka za mwezi umodzi pano akufuna miyezi iwiri. Ndiye ngati ukufuna kupita kuti ukabwere wolemera, khala pomwepo, ntchito uli nayo. Koma ine ndimakudziwa. Zaka zonsezi wakhala ukundidandaulira kuti kuntchito kwanu umaona zolakwika n'kungomeza malovu. Lemba kalata yofunsirayo. Polemba usaunjike mawu akuluakulu ngati ine ndi 48 wanga, ufotokoze chinthu chimodzi chimene unachiona ndi maso ako n'kukusowetsa tulo. Ukamaliza unditumizire ndiione, ndipo usakwiye ndikaibweza itafiira. Za ana ukambirane ndi amuna ako mofatsa, osati pa foni, ndipo muyambe pano, chifukwa chaka n'chachitali kwa mwana wa zaka zinayi.

Ukamabwera pa Khirisimasi undigulireko timabotolo tiwiri ta madzi oyesera kachipangizo koyezera mchere, kuno sitipezeka ndipo kanga kayamba kunama. Ndikutumizira chithunzi chake pa WhatsApp kuti asakugulitse zina. Amayi akuti usaiwale mafuta aja opaka m'mawondo. Mawa ndilawirira ku Ngabu, pali mjigo umene marodi ake agwera pansi, ndipo bambo aja anena kuti ndikafika dzuwa litakwera akandisiya pabenchi.

Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa pamjigo