Musataye bridge yanu, vuto lili pa makonzedwe

A Mkonzi,

Tiloleni tiyankhulepo pa dandaulo lomwe tikulimva kawirikawiri m'masukulu ndi m'maofesi a mipingo. Anthu agula ma bridge awiri, zipangizo zotumizirana intaneti kudzera pa mafunde, kuti intaneti ichoke ku ofesi ifike ku nyumba ina popanda kukumba ngalande ya waya, awakweza pamlongoti, koma kulibe chikuyenda. Amangoti anawagulitsa katundu wachinyengo. Ife amene timagwira ntchito imeneyi timapeza kuti nthawi zambiri chipangizo chili bwinobwino, cholakwika ndi makonzedwe ake.

Musathamangire kudenga. Konzerani patebulo, chimodzi kenako chinzake. Waya wopita ku bridge ulowe pabowo lolembedwa POE pa kabokosi ka magetsi komwe kamabwera ndi bridge, wopita ku laputopu ulowe pa LAN. Mukasemphanitsa, bridge siyaka, ndipo magetsi a 24V angathe kuwononga laputopu. Bridge ya NanoStation ya kampani ya Ubiquiti imabwera ndi adiresi (nambala yoizindikirira pa netiweki) 192.168.1.20, pomwe ya CPE ya kampani ya TP-Link imabwera ndi 192.168.0.254. Kuti mulowe pa tsamba la makonzedwe ake, ipatseni laputopu adiresi yokhazikika yofanana nayo pa magawo atatu oyamba, monga 192.168.1.50 pa NanoStation, ndi subnet mask 255.255.255.0. Mukangolowa, sinthani pasiwedi ya kufakitale.

Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Ma bridge onse awiri amachoka kufakitale ndi adiresi imodzimodzi. Mukawalumikiza osasintha, amalimbirana adiresiyo, ndipo tsamba la makonzedwe limatseguka lero, mawa ayi, mwinanso mumasintha za uyu mukuyesa ndi winayo. Ngati rauta yanu ili pa 192.168.1.1 ndipo imagawa maadiresi kuyambira 100 mpaka 199, ipatseni bridge ya ku ofesi 192.168.1.21, inayo 192.168.1.22, gateway (adiresi ya rauta) ikhale 192.168.1.1. Musasankhe nambala ya pakati pa 100 ndi 199, chifukwa tsiku lina rauta idzaipereka kwa foni ya mlendo. Ogwiritsa ntchito TP-Link asamale: mukaisiya pa 192.168.0.254 intaneti idutsa ndithu, koma simudzatha kulowamo mosavuta kuti muone chavuta.

Network mode ikhale Bridge, osati Router, ndipo DHCP server, yomwe imagawa maadiresi, ikhale yozimitsa mbali zonse. Wogawa maadiresi ndi mmodzi basi, rauta. Akakhala awiri, makompyuta ena amalandira adiresi yolakwika n'kusowa intaneti, ndipo pulinta ya ku ofesi sioneka kutsidya.

Bridge ya ku ofesi ikhale Access Point, inayo Station, kapena Client pa TP-Link. Dzina la netiweki ndi pasiwedi ya WPA2 zifanane chilembo ndi chilembo. Tsegulani WDS mbali zonse kuti kompyuta iliyonse ya kutsidya izidziwika ku rauta payokha. Channel width ya 20MHz ndi yokwanira, ndipo sivutika kwambiri ndi mafunde a oyandikana nawo. Pofunsidwa dziko musangodina lililonse kuti mupeze mphamvu zambiri, mafunde ali ndi malamulo ake ndipo kuno amayang'anira ndi a MACRA.

Yesani zonsezi zidakali pansi, pochita ping (kuyesa ngati chipangizo chikuyankha pa netiweki) ku 192.168.1.21, ku 192.168.1.22 ndi ku rauta. Poyesapo musalumikize ma bridge onse awiri ku rauta imodzi ndi waya, chifukwa uthenga umangozungulira mpaka netiweki yonse kuima. Zikayankha, bwezerani laputopu kuti izilandira yokha adiresi, kenako kwerani.

Pamwambapo ziyang'anizane popanda chotchinga. Signal (mphamvu ya mafunde) ya -65 dBm ndi yabwino, ikafika -75 yembekezerani kudukaduka. Onaninso mitengo: mtengo wa mango womwe nthambi zake zili pafupi ndi njira ya mafunde udzakuvutitsani ukaphuka, makamaka masamba akanyowa ndi mvula. Waya usapitirire mamita 100, ukhale wopirira dzuwa, ndipo muikepo choteteza ku mphenzi cholumikizidwa pansi mvula isanayambe.

Pempho lathu kwa amisiri anzathu ndi ili: mukamaliza, lembani maadiresi onse awiri, dzina la netiweki ndi mapasiwedi papepala, muwasiyire a hedi kapena oyang'anira ofesi. Popanda pepala limeneli, wodzakonza mtsogolo angakakamizike kukwera pamlongoti kukadina reset ndi kuyambiranso zonse, ndipo ndalama ya ntchito yobwerezayo imatuluka m'thumba la sukulu.

Amisiri a za netiweki,
Lilongwe