Usadzalole kuti akuyeretse khungu

Mangochi

Mnzanga wokondedwa,

Kalata yako ndalandira, anabwera nayo ndi mlamu wako pamodzi ndi katundu uja wa amayi. Kuno tili bwino, kaya iwe ku Joni ndi kuzizirako. Ndabwereza kawiri pamene walemba kuti ukadzabwera mu Julaye ukufuna kudzajambulitsa chithunzi chako chenicheni, choti ukachiyang'ana uzidziona kuti ndiwe mzimayi wolemekezeka. Kenaka m'munsi mwake ukuti "koma ine sindituluka bwino pa chithunzi." Mawu amenewo uwasiye ku Joni komweko. Chimene chimalakwika si nkhope ya munthu ayi, koma kuwala, lenzi ndi phuma la wojambula. Pa zimene wadutsamo zaka zitatu zimenezi, chithunzi chimenechi chikuyenera iweyo, ndipo ndikufuna udzafike ukudziwa chofunsa.

Ntchito imayamba kamera isanatuluke m'chikwama. Wojambula wodziwa amayamba wakhala nawe pansi, kapena kuyankhulana pa foni, n'kukufunsa kuti zithunzizi n'za chiyani: zopachika pabalaza, za bizinesi, kapena zako zosunga wekha. Iwenso umuuze kuti akuonetse zithunzi za amayi akuda ngati iwe zimene anajambula yekha. Usakhutire ndi ziwiri zosankhidwa za pa Facebook, uone gulu lonse la munthu mmodzi. Mugwirizane nthawi, malo, zithunzi zingati zokonzedwa zimene udzalandire, ndi tsiku lolandira. Ndalama yoyamba utumize pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti uthengawo ukhale umboni, yotsalayo podzalandira zithunzi.

Za nthawi tsono. Mu Julaye kuno dzuwa limatuluka 6 koloko itangopitirira pang'ono ndipo limalowa isanakwane hafu pasiti 5. Kuwala kofewa kumakhala ola loyamba la m'mawa ndi ola lomaliza la madzulo. Dzuwa la paliombo ndi mdani: limaika mithunzi m'maso ndi pansi pa mphuno, limakutsinzinitsa, ndipo chipumi chimanyezimira. Kumbali ya Nkopola ndi Namiasi dzuwa limatulukira kunyanja, choncho ukafuna nyanja ikhale kumbuyo kwako kuwala kuli kumaso, pita cha m'ma 4 koloko madzulo. Ku Malindi n'zosemphana, chifukwa kumeneko dzuwa limalowera kunyanja, ndiye nthawi yabwino ndi m'mawa. Usaiwale mwera. Julaye ndi mwezi wake, ndipo ukayamba umatha masiku angapo ukuulutsa mchenga ndi kupindapinda nsalu. Mugwirizaniretu tsiku lina lapadera, kapena khonde lokhala ndi mthunzi wabwino loti muthawireko. Ngati akufuna kukujambula pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, ima kumtunda. M'mabango a Shire usalowemo, ng'ona sizidziwa za zithunzi, ndipo madzi odikha a m'bango ndi kwawo kwa likodzo.

Tsopano chimene chikundisowetsa tulo. Kamera imayeza kuwala kwa malo onse pamodzi. Ikaona nyanja yowala ndi mchenga woyera kumbuyo kwako, imachepetsa kuwala, nkhope ya munthu wakuda n'kutuluka bii, maso osaoneka. Wojambula waulesi sakonza pomwepo, amati akakonza pa kompyuta. Akakafika kumeneko amakoka kuwala mpaka khungu limasanduka ngati phulusa, kenaka amalisalaza mpaka kutsala ngati chidole cha mu shopu, chopanda ndi kamzere komwe. Ena amachita dala kuyeretsa khungu poganiza kuti akukukondweretsa. Unachiona chithunzi cha chinkhoswe cha mwana wa azakhali ako? Nkhope mbee, khosi ndi mikono zakuda, anganga mpaka anafunsa kuti mtsikanayu ndi wa kwa yani. Zinandiwawa mumtima. Mwana wokongola chotero, pa tsiku lake, n'kumupatsa nkhope ya munthu wina, ndipo chili pakhoma, ana ake adzakula akuona chimenecho. Kodi tikuwaphunzitsa chiyani atsikana athu ngati ndi kamera yomwe ikuwauza kuti mtundu wawo ndi wofunika kukonza? Iweyo udzanene zisanayambike, momveka: khungu langa likhale mmene lilili. Chiphuphu chimene chatuluka dzulo achotse, palibe vuto, chifukwa mawa lomwe sichikhalapo. Koma mtundu wa khungu, mpata wa mano ako uja, kachipsera ka pachibwano, mizere ya m'mbali mwa maso, asakhudze. Chiuno asachepetse. Ukaona akuzengereza kuvomera, funa wina.

Mankhwala ake ndi osavuta. Ayeze kuwala pa nkhope yako, nyanja iwale mmene ingawalire. Akhale ndi reflector, chija chozungulira chobweza kuwala, ndipo ngati alibe, nsalu yoyera ya pabedi yogwiridwa ndi munthu pa mtunda wa mita imodzi imagwira ntchito yomweyo. Ajambule mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene kamera yaona, chifukwa mmenemo amatha kukonza kuwala mtundu wa khungu osaonongeka msanga ngati mu JPEG, fayilo wamba ya zithunzi. Lenzi yabwino ya nkhope ndi ya 50mm kapena 85mm, atatsegula bowo lake lolowera kuwala cha pa f/2.8 kuti kumbuyo kuzimirire koma maso onse awiri aoneke bwino. Lenzi yotambalala ikayandikira imakulitsa mphuno ndi chipumi, n'chifukwa chake zithunzi zodzijambula wekha pa foni umadana nazo. Kamera ikhale pa msinkhu wa maso ako, iye ataima mamita awiri kapena atatu.

Mafuta! Ndikudziwa iwe ndi botolo lako la Vaseline simusiyana, koma tsiku limenelo kumaso udzole pang'ono kwambiri, apo ayi chipumi chidzawala ngati galasi. Mikono, zigongono ndi mapazi ndiye udzole mokwanira, mphepo ya Julaye imatuwitsa. Zophoda zifanane ndi khosi lako, uziyese pa dzuwa, osati pa getsi la m'nyumba. Paudala ina yoyera imaoneka bwinobwino ndi maso, koma flash ikawomba imatuluka ngati ufa pansi pa maso. Tenga kansalu kofewa kothimbirira thukuta, osapukuta mokhula. Tsitsi uluke kutatsala masiku awiri kapena atatu, chifukwa loluka dzulo limakoka khungu la pachipumi ndipo munthu womva mutu samwetulira bwino.

Pa ola limodzi ndi theka zovala ziwiri kapena zitatu zakwana, kupitirira apo nthawi ithera m'kusintha. Chitenje cha maluwa akuluakulu chimatuluka bwino, koma timizere ting'onoting'ono tothithikana timasokoneza kamera, timaoneka ngati mafunde. Atelala asoke msanga, uyese kukhala pansi utavala, usite dzulo lake ndipo ubwere nacho pa hang'ala. Duku kapena mpango umange ndi mapini. Chipini cha malemu anganga ako chija ngati uli nacho ubwere nacho, ndi ndolo zosalemera. Zamkati zikhale zokukwana, zothina zimasiya mizere imene imachedwa kutha.

Mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu zoyambirira udzakhala wouma ngati mtengo, ndipo zithunzi zake zambiri n'zotaya. Aliyense amatero, usadzagwe mphwayi. Wojambula wabwino amakuyankhulitsa ndipo amakuonetsa kuseri kwa kamera kuti uone wekha. Ima chammbali pang'ono, thupi litsamire pa mwendo wakumbuyo, mapewa ugwetse. Chibwano ukankhire kutsogolo kenaka uchitsitse pang'ono, zimamveka zachilendo koma khosi limaoneka bwino. Mikono isamamatire ku nthiti. Manja uwapatse chochita: gwira nsonga ya chitenje, mkanda, kapena m'mphepete mwa bwato, utapempha kaye eni ake. Usanajambulidwe tulutsa mpweya pakamwa, nsagwada zimamasuka. Sikuti n'kuseka pena paliponse. Nkhope yako ija ya phee, imene umaika ukamamvetsera munthu, ijambulidwenso.

Upite ndi munthu, mng'ono wako kapena ineyo. Wojambula asakugwire asanapemphe, ngakhale kukonza kolala. Kaimidwe kamene sukukafuna ukane, ndalama ndi zako. Ngati ukuganiza za zithunzi zoonetsa mapewa kapena thupi, zoti usunge wekha, funa wojambula wamkazi, pamalo otseka, ndipo mulemberane kuti sadzaika chithunzi chako chilichonse pa intaneti kapena pa chikwangwani popanda chilolezo chako, komanso kuti zosasankhidwa adzafufuta. Lamulo la 2016 la za pa intaneti lilipo, koma chithunzi chikalowa m'magulu a WhatsApp a pa boma pano sichibwereranso. Pepala lija ulisunge.

Ndikanaiwala, mkazi wa achimwene ako wachira, ndi mapasa, onse aakazi. Denga la amayi analikonza. Nyanja idadzadza mpaka ku migwalangwa kuja tinkakhala, mchenga wachepa, ndiye malo ojambulira tidzakaonere limodzi dzulo lake.

Polandira zithunzi usalole kuti angokuponyera pa WhatsApp wamba, amazifinya, ukakatsukitsa chachikulu chimatuluka chosweka. Atumize ngati document kapena akuikire pa flash disk. Cha kukula kwa pepala la A4 chimafuna mapikiselo, timadontho topanga chithunzi, cha m'ma 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali kuti chituluke chakuthwa. Uyambe watsukitsa chimodzi chaching'ono, uone ngati khungu latuluka lako, chifukwa makina otsukira nawonso amatha kufiiritsa kapena kutuwitsa. Pepala losanyezimira ndi labwino pa fulemu ya galasi, ndipo kuno ndi chinyontho cha kunyanja usapachike pakhoma lowombedwa ndi dzuwa kapena pafupi ndi

Magetsi azima, ndipo tochi ya foni yatsala pang'ono kuthima. Za fulemu ndidzakuuza ukafika. Undiuze tsiku la basi.

Ndine mnzako wa pa Mpondasi.