Kalata kwa Mwana Wanga Amene Akupita ku London

Wokondedwa mwana wanga,

Ndakondwa kumva kuti visa yako yatuluka. Ndati ndikulembere makamaka za mayendedwe, chifukwa ku London mlendo wosakonzekera ndalama zimamuthera pa zokwera asanauone n'komwe mzindawo.

Palibe ndege yochoka ku Lilongwe n'kukatera ku London osaima, choncho udzasinthira ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Pasipoti, kalata yokuitana ndi adiresi ya kumene ukafikire zikhale m'chikwama cha m'manja, pakuti pabwalo la ndege la Heathrow akakufunsa chimene wadzera ndiponso tsiku lobwerera. Nyama ndi mkaka usanyamule, ngakhale azakhali ako akuumirize chotani, chifukwa ndi zoletsedwa kulowa nazo.

Ukatuluka pabwalo la ndege usakathamangire takisi. Sitima ya Piccadilly line ndiyo yotsika mtengo, Elizabeth line, yomwe inatsegulidwa mu 2022, ndi yachangu ndiponso yotakasuka kwa munthu wa sutikesi, pomwe Heathrow Express uwasiyire eni ndalama. Mabasi ofiira aja analeka kulandira ndalama zapamanja mu 2014, motero ukagule khadi lolipirira mabasi ndi sitima la Oyster pasiteshoni. Pokwera sitima umagunditsa khadilo pa kachipangizo kachikasu polowa ndi potuluka pomwe, ndipo ukaiwala potuluka amakudula mtengo wokwera kwambiri. M'basi ndi polowa pokha. Khadi likhale limodzi lomwelo tsiku lonse, popeza ndalama zikafika pa mlingo wa tsikulo saduliranso. Posintha ndalama kuno ukane mapaundi 20 ndi 50 a pepala, chifukwa masitolo anasiya kuwalandira mu 2022.

Mu December dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo chisanu chake si cha ku Dedza ayi, kotero jekete lochindikala ukhale nalo m'manja potsika ndege. Masana afupiwo ukawathere ku British Museum ndi National Gallery, nyumba zoonetsera zinthu zakale ndi zojambula, kumene kulowa ndi kwaulere. Foni usamaigwire mwachisawawa m'mphepete mwa msewu, pakuti akuba a panjinga amatsomphola n'kuthawa.

Thupi likatentha m'masabata oyambirira, ukaimbe nambala ya zachipatala ya 111 ndipo ukanene msanga kuti wachokera ku Malawi, kuti akuyeze malungo. Ya ngozi zadzidzidzi ndi 999. Ukafika utiimbire, koma ukumbukire kuti ku London kukakhala nyengo yachisanu, kuno timakhala patsogolo ndi maola awiri, ndipo bambo ako amagona msanga.

Ndine mayi ako okukonda.