Lipoti la msonkhano wounika msika wa ntchito za zaumoyo, kwa mamembala a nthambi yathu ya anamwino ndi azamba

A tcheyamani, a komiti ndi anzanga nonse,

Munandituma ku Lilongwe kuti ndikakuimirireni pa zokambirana za kafukufuku wa msika wa ntchito za zaumoyo, ndipo munandipatsira mafunso awiri. Loyamba linali lakuti bwanji achinyamata omaliza maphunziro a unamwino akungokhala pakhomo, layisensi ili m'manja, pamene ife m'mawodi ntchito ikutipsetsa. Lachiwiri linali lakuti kafukufukuyu adzasintha chiyani pa kalembedwe ka anthu ntchito. Pa loyambalo ndabwera ndi yankho lomveka. Pa lachiwirilo ndabwera ndi theka la yankho, theka linalo likudikira ife.

M'chipindamo munali anthu osiyanasiyana: oona za ogwira ntchito m'boma, oona za bajeti, aphunzitsi a m'makoleji, a zipatala za mishoni, mabungwe opereka malayisensi, mabungwe othandiza ndi ndalama, ndi ife oimira ogwira ntchito. Ochokera kuzipatala zakumudzi tinali ochepa, ndipo zimenezi zinaonekera m'zolankhula zambiri.

Kafukufuku wa mtundu umenewu amatsata njira imene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaifotokoza m'buku lake lolangiza la 2021. Mfundo yake ndi yakuti pali ziwerengero zitatu zimene kwathu kuno timakonda kuziika mumtanga umodzi pamene ndi zosiyana. Pali anthu amene dziko likufunika kuti odwala athandizidwe bwino. Pali anthu ophunzitsidwa amene alipo ndipo ndi okonzeka kugwira ntchito. Ndiye pali anthu amene olemba ntchito, kaya ndi boma, CHAM (bungwe la zipatala za mishoni) kapena zipatala za eni, ali ndi ndalama zowalipira mwezi ndi mwezi. Chiwerengero chachitatuchi ndicho chimalamula kuti mwana wa mnzathu alowa ntchito kapena ayi. Choyambacho chitha kukula motani, koma ngati ndalama ya malipiro sinaikidwe mu bajeti, palibe kalata imene ituluke.

Pa chiwerengero choyamba anatikumbutsa muyeso wa WHO wa 2016, wa madokotala, anamwino ndi azamba 4.45 pa anthu 1,000 aliwonse. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tilipo 17.5 miliyoni, ndiye ndinachulukitsa ndekha pakona ya pepala: ngakhale pa chiwerengero chakalecho, tikanafunika kukhala pafupifupi 78,000. Boma la anthu 500,000 likanafunika kukhala ndi 2,225. Aliyense wa inu akudziwa kutalika kwa mtunda umene ulipo pakati pa nambala imeneyi ndi mayina amene ali pa rosita ya boma lathu. Ine ndinaona kuti muyesowu ndi wabwino posonyeza kukula kwa dzenje, koma suthandiza kwenikweni munthu amene akufuna kudziwa kuti chaka chino alembe angati ndipo awatumize kuti.

Vuto la kukhala ndi ophunzira osowa ntchito m'dziko losowa ogwira ntchito si lathu lokha. WHO ikuyerekeza kuti chigawo cha Africa chidzakhala chikusowa ogwira ntchito zaumoyo 6.1 miliyoni pofika 2030, chikhalirecho m'maiko ambiri omwewo muli ophunzitsidwa amene sanalembedwe. Nkhani imeneyi ndi imene inachititsa kuti mu May 2024, ku Windhoek m'dziko la Namibia, akhazikitse pangano la Africa Health Workforce Investment Charter, lolimbikitsa maboma ndi othandiza kuti ndalama zophunzitsira anthu ziziyenda limodzi ndi ndalama zowalembera ntchito.

Apa ndi pamene ndinamvetsa yankho la funso lanu loyamba. Makoleji athu akutulutsa anthu chaka ndi chaka: yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, imene inapangidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, Malawi College of Health Sciences, yunivesite ya Mzuzu, komanso makoleji a CHAM monga Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo, Mulanje Mission, Holy Family ku Phalombe ndi Trinity ku Nsanje. Koleji imalandira ophunzira poona malo m'makalasi ndi ndalama za fizi. Wolemba ntchito amalemba poona ndalama ya malipiro. Awiriwa sakhala pansi limodzi kaye kuti agwirizane. Ndiye mwana akakhoza mayeso a Nurses and Midwives Council, bungwe lopereka malayisensi kwa anamwino ndi azamba, njira yoti dzina lake lifike pa payroll (mndandanda wa olandira malipiro) ndi yaitali: udindowo ukhale wovomerezeka pamndandanda wa maudindo a boma, unduna wa zachuma uvomereze kuti ndalama ilipo, kenako komishoni yolemba ntchito ilengeze ndi kuchititsa ma interview. A zipatala zikuluzikulu amadzera ku Health Service Commission, a m'makhonsolo ku Local Government Service Commission. Pakatsekeka pamodzi pokha, mzere wonse umaima. N'chifukwa chake tikamva kuti chipatala chakuti chili ndi mipata yambiri, tisamafulumire kuganiza kuti kulibe anthu ofuna kupitako. Mipata yambiri ndi ya papepala chabe, ilibe ndalama kumbuyo kwake.

Tinakhalitsa pa mbiri ya ndondomeko yapangozi yochulukitsa ogwira ntchito zaumoyo ya Emergency Human Resources Programme imene inayamba mu 2004, ndipo ena mwa inu munali kale pantchito nthawi imeneyo. Anamwino ankapita ku Britain motsatizana, Edzi inali itatenga anzathu ambiri, mawodi anali mbee. Boma, mothandizidwa ndi DFID (nthambi ya boma la Britain imene inkapereka thandizo kunja) ndi thumba la ndalama la Global Fund, linaonjezera malipiro ndi 52 peresenti kwa magulu 11 a ogwira ntchito, linakulitsa makoleji, ndipo linabweretsa madokotala ongodzipereka ochokera kunja kuti atseke mipata. Pofika 2009, ogwira ntchito m'magulu amenewa anali atachuluka ndi 53 peresenti. Ambiri m'chipindamo anaitchula ngati umboni wakuti zinthu zimatheka. Ndikuvomereza. Koma ndinaonanso kuti chimene tinachisunga bwino kuchokera nthawi imeneyo ndi kuphunzitsa anthu ambiri, pamene mbali ya ndalama zowalembera ndi kuwasunga pantchito sinakule mofanana. Ana amene akukhala pakhomo lerowa ndi zipatso za kusiyana kumeneku.

Oona za ndalama analankhula mosabisa, ndipo ndinawayamikira pa chimenecho. Malipiro ndi ngongole ya mwezi uliwonse, munthu ukamulemba lero udzamulipira mpaka penshoni. Lonjezo la ku Abuja la 2001, lakuti maboma aziika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, linatchulidwa monga mwa masiku onse, ndipo palibe amene ananena kuti tikulikwanitsa. Ine ndinaonjezerapo zimene munandiuza, kuti ndalama ya kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, malipiro a namwino anafota m'manja, ndipo kafukufuku amene sayerekeza malipiro ndi mtengo wa thumba la chimanga, lendi ndi thiransipoti sadzamvetsa chifukwa chimene anthu akuthawira ku mabungwe kapena kukagulitsa kaunjika.

Tsopano ndifike pamene ndinalimbikira kwambiri m'dzina lanu. Ziwerengero zimene kafukufuku wotere amadalira zimachokera ku payroll, ku kaundula wa pakompyuta wa ogwira ntchito zaumoyo wotchedwa iHRIS ndi ku mabuku a mabungwe opereka malayisensi. Chilichonse mwa zitatuzi chili ndi khungu lake. Payroll imaona wolandira malipiro okhazikika basi. Kaundula wa layisensi amatha kusunga dzina la munthu amene anapita ku Ireland kalekale. Nanga mtsikana amene akugwira pa upkeep, ndiye kuti wosalembedwa ntchito koma kungolandira kandalama ka sopo, amawerengedwa kuti? Pa payroll palibe, ndiye akuoneka ngati wosagwira ntchito. Koma pachipatala pamene ndimagwira ine, akapanda kubwera iyeyo, naiti ya ku leba imagona ndi mzamba mmodzi: mayi wina akubereka pabedi, wina akutaya magazi pamphasa, foni ya ambulansi ikungolira osayankhidwa, mlonda ndiye wagwira tochi. Chipatalacho chikuyenda chifukwa cha munthu amene m'mabuku mulibe. Chimodzimodzi maola a locum, maola oonjezera olipidwa padera amene timagwira potseka mipata. Tikamatseka mipata ndi locum, lipoti la mwezi limaonetsa kuti odwala onse anathandizidwa, ndipo wowerenga ku likulu amaganiza kuti anthu alipo okwanira. Ndinapempha kuti kafukufukuyu akhale ndi gawo lakelake lowerenga a upkeep, a makontirakiti akanthawi ndi maola a locum. Wotsogolera zokambirana analemba pabolodi, ndipo oimira ma clinical officer anagwirizana nane.

Gulu lina losaoneka bwino ndi la olipidwa ndi mabungwe akunja. Dziko la America litaimitsa thandizo lake mu January 2025, tonse tinaona m'makiliniki a ART (opereka ma ARV) momwe anzathu olipidwa ndi mapulojekiti anakhalira pakhomo mwadzidzidzi, mizere n'kutsalira ife. Kafukufuku wabwino ayenera kunena poyera kuti mwa anthu amene akugwira ntchito m'zipatala za boma, ndi angati amene malipiro awo akhoza kuima ndi kalata imodzi yochokera kunja.

Za kusiyana kwa tawuni ndi kumudzi tinakambirana, koma mwachidule kuposa momwe ndikanafunira. Anthu 84 pa 100 aliwonse amakhala kumudzi malinga ndi kalembera wa 2018 yemweyo, pamene akatswiri ambiri ali ku zipatala zikuluzikulu za Queens, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu. Ena ankanena za kukakamiza omaliza maphunziro kuti ayambire kumudzi. Ine ndinati muyambe mwafunsa amene ali kale kumeneko chimene chingawasunge: nyumba yosadontha, magetsi a sola, sukulu ya ana, ndi chitsimikizo chakuti ukakhala zaka zingapo ku helefusenta yakutali, mwayi wopita kusukulu ndi kukwezedwa udzakupeza. Pali njira imene anaifotokoza yotchedwa WISN, yowerengera kuti chipatala chikufunika anthu angati poona ntchito yeniyeni, monga amayi obwera kusikelo, obereka ndi odwala a ku OPD (osagonekedwa), ndi nthawi imene ntchito iliyonse imatenga. Imeneyi ndinaikonda, chifukwa helefusenta yobereketsa amayi ambiri siyenera kupatsidwa anamwino ofanana ndi ina yongoona ochepa chifukwa choti zonse ndi za giredi imodzi. Komabe njirayi imadalira ma register athu. Tikamalemba mwachisawawa chifukwa chotopa, tikudzidula tokha.

Nkhani ya kupita kunja inatenthetsa chipinda. Malawi ali pamndandanda wa WHO wa 2023 wa maiko 55 amene maiko olemera akulangizidwa kuti asamakakopeko ogwira ntchito zaumoyo, potsatira malamulo a 2010 okhudza kulemba anthu ntchito kuchokera kunja. Mndandandawu suletsa munthu kudzifunira yekha ntchito, komanso umalola mapangano a boma ndi boma. Maganizo anagawikana. Ena akuti tisataye anthu amene tawaphunzitsa ndi misonkho. Ena akuti simungamuletse munthu kupita pamene simukumulemba ntchito. Ine sindinaikepo mbali chifukwa nthambi yathu sinakambiranepo, ndipo ndikupempha kuti ikhale pa ajenda.

Alangizi a zaumoyo anangotchulidwa modutsa, kuti cholinga ndi mlangizi mmodzi pa anthu 1,000. Kwa ine kunali kuwachepetsa, poona ntchito imene anagwira nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023.

Pa funso lanu lachiwiri, chimene ndinamva n'chakuti zotsatira za kafukufuku zikuyenera kuthandiza kukonzanso mndandanda wa maudindo, kulangiza makoleji za chiwerengero ndi mtundu wa ophunzira, ndi kupatsa unduna mfundo zopita nazo ku unduna wa zachuma, zonse mogwirizana ndi ndondomeko ya boma ya zaumoyo ya HSSP III ya 2023 mpaka 2030. Nkhawa yanga ndi yakuti lipoti lokongola likhoza kutuluka, kukhazikitsidwa ku hotela, bajeti n'kudutsa osalikhudza. Ndinafunsa ngati zotsatirazo zidzafike nthawi yokonza bajeti isanakwane, popeza chaka cha boma chimayamba pa 1 April. Yankho linali laulemu koma losagwirika.

Ndikupempha komiti kuti isankhe munthu mmodzi pachipatala chilichonse cha m'boma lathu, za CHAM zomwe, woti alembe anamwino ndi azamba amene alipo ndi mtundu wa kontirakiti yawo, maola a locum a miyezi itatu yapitayi, ndi amene anachoka chaka chino pamodzi ndi kumene analowera ngati kukudziwika. Mayina asalembedwe, manambala okha. Achinyamata amene ali ndi layisensi koma sanalembedwe ntchito tiwaitane ku msonkhano wathu wotsatira, atiuze okha chaka chimene anamaliza ndi chimene akuchita pakali pano. Mapepala amene anatigawira ndawasiya kwa mlembi, ndipo malisiti a ndalama ya ulendo ndapereka kwa msungichuma.