Mankhwala a 8 koloko asamamwedwe 10 koloko

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga ndidandaule za m'nyumba zosungirako okalamba zija. Mayi anga ali ku imodzi mwa nyumbazi, dzina sinditchula, ndipo amadwala Parkinson, matenda onjenjemeretsa manja aja. Adokotala anawalembera levodopa kanayi pa tsiku ndipo anachita kunenetsa kuti nthawi isamaphonyedwe chifukwa mankhwalawa sakhalitsa m'thupi, kungochedwa ndi mphindi 30 zokha thupi limayamba kuuma.

Ndiye tsiku lina ndafika cha m'ma 10 m'mawa ndawapeza ali gwa pampando, supuni ili m'manja koma kuti ifike kukamwa zikukanika, malovu ali chuchuchu pachibwano, mapilisi a 8 koloko ali phee m'kakapu patebulo. Kuyang'ana pa tchati, pasainidwa kale kuti amwa! Ndinafunsa, yankho lake akuti "amwabe lero lomwe mayi, musadandaule." Lero lomwe? Nanga akanakhala wa shuga, mwamubaya insulin chakudya nkubwera mochedwa, si ameneyo shuga watsika mpaka kukomoka? Enanso amaphwanya pilisi lililonse kuti agogo ameze msanga, osadziwa kuti ena anapangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono, ukaphwanya mphamvu yonse yalowa kamodzi.

Za thewera ndiye musanene. Munthu wosatha kudzitembenuza yekha amafunika kumutembenuza pafupifupi maola awiri alionse, apo ayi khungu limayamba kufiira kumatako, m'chiuno ndi kuzidendene, mawa lake ndi chilonda choti kupola kwake miyezi, makamaka akamagonera mikodzo. Mayi ndinawapeza kachidendene katafiira kale, m'kamwa mouma, mswachi wawo uli gwa kusonyeza kuti sunakhudze madzi masiku angapo.

Atsikana ogwira ntchitowo sindikuwada ayi, ena ndi amtima wabwino zedi, koma usiku ndinaonapo mmodzi yekha akuthamanga khonde lonse, uku belu likulira uko wina wagwa. Eni nyumba ndi amene akuumira kulemba anthu okwanira pomwe ndalama timalipira mwezi ndi mwezi osaphonya. Pa tchati azilemba nthawi yeniyeni imene munthu wameza, ndipo oyendera nyumbazi azingotulukira usiku osati kuchita kuuziratu kuti tikubwera Lachitatu.

Ine pano ndimadzera komweko ndisanapite kuntchito, ndimaima pompo mpaka ndione kuti ameza.

Mwana wodandaula